Mneni wa Chingerezi "get": yang'anani mawu amene akumutsatira

Ambiri anaphunzira kusukulu kuti *get* ndi "kupeza", ndipo tanthauzo limeneli limawathandiza mpaka tsiku limene amva wina akunena kuti *It's getting dark*. Ndani akupeza mdima? Kenako amva *I got my phone repaired*, kwinaku kondakitala akuuza mlendo kuti *Get off at the next stage*. M'ziganizo zitatu zonsezi mulibe chinthu chopezedwa. Mukatsegula dikishonale yaikulu mupeza matanthauzo a *get* atandandalikidwa mpaka tsamba kutha, ndipo kuwaloweza onse pamtima ndi ntchito yogwetsa ulesi imenenso sipindula kwenikweni.

Njira yachidule ndi iyi: musamayang'ane *get* weniweniyo, muziyang'ana mtundu wa mawu amene abwera pambuyo pake. Likatsatira dzina, tanthauzo limapita kwina. Akatsatira mfotokozi, limapita kwina. Akatsatira malo kapena mneni mnzake, limasinthanso. Pansi pa zonsezi pali ganizo limodzi, la kusintha: chimene munalibe tsopano muli nacho, mmene simunalili tsopano muli, kumene simunali tsopano mwafika.

Maonekedwe ake

Mneniyu amaoneka motere: *get, gets, getting, got*. Pa *getting* pali ma t awiri, ndipo wolemba *geting* walakwitsa. Chilembo g chimatchulidwa ngati cha mu "galu", osati ngati j wa mu *gentle* kapena *general*. Chifukwa chake n'chakuti mawuwa analowa m'Chingerezi kuchokera ku Old Norse, chilankhulo cha ma Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, mmene ankati *geta*.

Maonekedwe achitatu, amene aphunzitsi amawatchula kuti past participle, ndi pamene Chingerezi cha ku Britain chimasiyana ndi cha ku America. Ku Britain amati *get, got, got*. Ku America amati *get, got, gotten*. Ena amaganiza kuti *gotten* ndi mawu opotoka a masiku ano, koma ndi akale kwambiri: anawoloka nyanja ndi anthu amene anasamukira ku America, pamene kwawo ku England anayamba kuzimiririka n'kungotsalira m'mawu ngati *forgotten* ndi *ill-gotten*. Sukulu za ku Malawi ndi ku Zambia zimatsata Chingerezi cha ku Britain, choncho pa mayeso lembani *It has got worse*. Mukamva *It has gotten worse* m'mafilimu, dziwani kuti si cholakwika, ndi kalankhulidwe ka kwinako. Chofunika n'kusasakaniza ziwirizi m'kalata imodzi.

Likatsatira dzina

Apa ndi pamene "kupeza" amagwira ntchito, koma si yekha. Chichewa chili ndi aneni osiyanasiyana pamene Chingerezi cholankhula chimangoti *get*. *I got your message* ndi "ndalandira uthenga wanu". *Where did you get those shoes?* ndi "nsapatozo munagula kuti?" *Go and get some water* ndi "pita ukatunge madzi", pamene *I have to get the children from school* ndi kukatenga ana. *He got malaria* ndi "anadwala malungo". *Let's get a minibus* ndi "tiyeni tikwere minibasi". *She got 12 points at MSCE* ndi mapointi amene anakhoza nawo. Foni ikamalira wina n'kunena kuti *I'll get it*, ndiye kuti aiyankha ndi iyeyo. Palibe lamulo losiyanitsira matanthauzo amenewa kupatula dzinalo ndi nkhani imene ikukambidwa: madzi amatungidwa, malungo amadwalidwa, uthenga umalandiridwa.

Koma si "kupeza" aliyense amene amasanduka *get*, ndipo apa ndi pamene olankhula Chichewa amaterereka kawirikawiri. Mukapeza chinthu chimene chinatayika, kapena mukapeza munthu ali pamalo ena akuchita zinazake, mneni wake ndi *find*. "Ndawapeza makiyi aja pansi pa mpando" ndi *I found the keys under the chair*. "Ndinamupeza akugona" ndi *I found him sleeping*. Mukati *I got him sleeping*, mzungu amva ngati inuyo ndi amene munamugonetsa.

Palinso *get* wa kumvetsa. *I don't get it* ndi "sindikumvetsa", makamaka nthabwala kapena mfundo yovuta. *Sorry, I didn't get your name* ndi "pepani, dzina lanu sindinalimve bwino". Kwathu kuno timamva kwambiri *Are you getting me?* kuchokera ku "mukundimva?", ndipo pakati pathu timamvana bwinobwino. Kunja anthu amakonda kunena *Do you get it?* kapena *Do you see what I mean?* Netiweki ikamaduladula pa foni, nenani *I can't hear you*. *I can't get you* angamveke ngati mukudandaula kuti foni yawo sikupezeka.

Mukafuna kutchula munthu amene mukumutengera chinthucho, Chichewa chimaika -er- kapena -ir- mkati mwa mneni: nditengere, ndigulire. Chingerezi chili ndi njira ziwiri. Munthu atha kubwera poyamba popanda mperekezi: *Get me some salt*. Kapena chinthu chiyambe, munthu abwere pambuyo ndi *for*: *Get some salt for me*. Cholakwika chofala ndi kuphatikiza ziwirizi n'kunena *Get for me some salt*. Ngati chinthucho mwachitchula ndi mlowam'malo, tsatani njira yachiwiri: *Get it for me*.

Akatsatira mfotokozi: kusanduka

Gawo ili ndi limene liyenera kumvetsetsedwa bwino kuposa ena onse, chifukwa Chichewa ndi Chingerezi zimayenda njira zosiyana kotheratu. M'Chichewa kutopa, kukwiya, kunyowa, kukalamba, kudwala, kulemera, kuzizira, onsewa ndi aneni, ndipo kusinthako kuli kale mkati mwawo. Tikati "ndikutopa" ndiye kuti kutopako kukubwera. Tikati "ndatopa" ndiye kuti kwafika ndipo ndili momwemo. Mneni mmodzi yemweyo wanyamula zonse ziwiri.

M'Chingerezi *tired, angry, wet, old, sick, rich, cold* si aneni, ndi afotokozi, ndipo mfotokozi sayenda yekha. Amafuna mneni womunyamula. Mukafuna kunena mmene zinthu zilili, mnyamuliyo ndi *be*. Mukafuna kunena kuti zikusintha, mnyamuliyo ndi *get*. Ndiye "ndatopa" ndi *I am tired*, "ndikutopa" kapena "ndayamba kutopa" ndi *I am getting tired*, ndipo "ndinatopa nditayenda ola limodzi" ndi *I got tired after walking for an hour*. "Kunja kukuda" ndi *It's getting dark*. "Bwerani mudye, nsima ikuzizira" ndi *Come and eat, the nsima is getting cold*. "Musakwiye" ndi *Don't get angry*. Munthu amene sanagwire mfundo imeneyi amayesa kusandutsa mfotokozi kukhala mneni, n'kunena *I am tiring*, zimene zingamveke ngati iyeyo ndi wotopetsa anzake.

Pali malo amodzi pamene zilankhulo ziwirizi zimakumana mwangozi. Wodwala akamachira timati "akupeza bwino", ndipo Chingerezi chimati *She is getting better*. Kufananako kusakunamizeni: *get* wa apa si wa kupeza, ndi yemwe uja wa kusintha. N'chifukwa chake amagwirizana kwambiri ndi mawu oyerekeza: *getting worse, getting bigger, getting more expensive*. Mukafuna kusonyeza kuti zikupitirirabe, bwerezani: *Fertiliser is getting more and more expensive*, feteleza akungokwererakwerera mtengo.

Si mfotokozi aliyense amene amalola *get*. Kusintha koipa kwa thupi kapena kwa chakudya kumakonda *go*: *go blind, go deaf, go bald, go mad*, ndiponso *The milk has gone sour*, mkaka wasasa. Mitundu imakonda *turn* kapena *go*: *The leaves turned yellow*. Kugona tulo ndi *fall asleep*, maloto kukwaniritsidwa ndi *come true*. Izi ndi zongoloweza, palibe chifukwa chozama.

Msampha waukulu uli pa dzina. *Get* amatanthauza kusanduka pokhapokha pamene watsatiridwa ndi mfotokozi. Mukangoikapo dzina, tanthauzo limabwerera ku kupeza kuja. *She became a nurse* ndiye kuti anakhala namwino. *She got a nurse* ndiye kuti anapeza namwino woti amuthandize. Wophunzira wolemba kuti *I want to get a doctor when I finish school* wauza aphunzitsi kuti akufuna kudzapeza dokotala, mwina wokwatirana naye, pamene iye amafuna kunena kuti adzakhale dokotala.

Kuzolowera kumatsata njira yomweyi. "Ndazolowera" ndi *I am used to it*, "ndikuzolowera" ndi *I am getting used to it*, "mudzazolowera" ndi *You will get used to it*. Chovuta n'chakuti *to* wa apa ndi mperekezi, choncho mneni womutsatira amatenga *-ing*: *I am getting used to waking up early*, osati *to wake up*. Musasokoneze ndi *used to* wopanda *be* kapena *get*, amene ndi -nka- wathu uja: *I used to wake up early* ndi "ndinkadzuka m'mamawa", kusonyeza kuti pano ndinasiya.

Akatsatira malo

*Get to* ndi kufika. *We got to Mzuzu at six* ndi "tinafika ku Mzuzu 6 koloko". Kusiyana kwake ndi *go* n'kwakuti *go* amayang'ana ulendo wonse kapena kunyamuka, pamene *get* amayang'ana pofikira, kawirikawiri ndi kakuvutikira pang'ono. Pofunsa njira, chiganizo chokhazikika ndi *How do I get to the bus depot?*

Mawu akuti *home, here, there, back* safuna *to*. Ndi *I got home late*, osati *I got to home late*. Cholakwikachi chimachokera ku "ku" wa mu "kunyumba", amene timamva ngati ayenera kumasuliridwa. Aneni atatu a kufika aliyense ali ndi khalidwe lake: *get to Zomba*, *arrive in Zomba* koma *arrive at the market*, ndi *reach Zomba* wopanda mperekezi aliyense. *Reach at* ndi *arrive to* ndi ana obadwa posakaniza atatuwa.

Kukwera ndi kutsika, kumene Chichewa chimangogwiritsa mawu awiri basi, Chingerezi chimayamba chafunsa kuti mwakwera chiyani. Basi, sitima ya pamtunda, ndege ndi sitima ya panyanja ngati Ilala, zimene munthu amatha kuimirira n'kuyenda mkati mwake, zimatenga *get on* ndi *get off*. Njinga yakapalasa ndi yamoto, zimene mumakhala pamwamba, nazonso ndi *get on* ndi *get off*, choncho pa kabaza ndi *get on*. Galimoto yaing'ono, takisi ndi bwato, zimene mumalowa mowerama n'kukhala pansi nthawi yomweyo, zimatenga *get in* kapena *get into*, ndi *get out of*. Minibasi ili pakatikati, ndipo mudzamva zonse ziwiri. Palibe amene angakudzudzuleni pa *get on the minibus*.

Potsika timamva kwambiri *I will drop at the stage*. M'Chingerezi cha mayeso, woyendetsa ndi amene amachita *drop*, inu mumachita *get off*: *Drop me at the stage* kapena *I'll get off at the stage*. *Get down* ndi kutsika kuchoka pamwamba, monga mumtengo, pa makwerero kapena pamwamba pa matumba a mu lole. Ndipo *get off* safuna *from*: ndi *get off the bus*.

Akatsatira past participle

Pano pali magulu awiri ofanana maonekedwe. Loyamba ndi la zinthu zimene munthu amadzichitira kapena zimene zimangomuchitikira popanda wina wozichita: *get dressed* kuvala, *get changed* kusintha zovala, *get lost* kusochera, *get drunk* kuledzera, *get married* kulowa m'banja. Pa ukwati pali zoti musamale nazo. Chingerezi sichisiyanitsa kukwatira ndi kukwatiwa, mwamuna ndi mkazi onse ndi *got married*. Mperekezi wake ndi *to*: *She got married to a teacher*. "Ndi" wa mu "anakwatirana ndi" amatikokera ku *with*, koma *married with three children* amatanthauza munthu wa pabanja amene ali ndi ana atatu. Mukachotsa *get*, mperekezi amachokanso: *She married a teacher*.

Gulu lachiwiri ndi msintho wochitidwa, uja wa -idwa ndi -edwa. *He got arrested* anamangidwa, *My bicycle got stolen* njinga yanga yabedwa, *We got paid on Friday* tinalipidwa Lachisanu. Onsewa mutha kuwanenanso ndi *be*: *He was arrested*. Ndiye kusiyana kwake n'kotani? *Get* amakonda zinthu zogwa mwadzidzidzi, zosakonzekera, kawirikawiri zopweteka, ngakhale zabwino ngati *She got promoted* zimalowanso. Ndi wa pakamwa kuposa wa pa pepala. Zinthu zokonzedwa mwadongosolo, zimene mukulemba ngati mbiri, zimafuna *be*: *The capital was moved from Zomba to Lilongwe in 1975*. Aneni osonyeza mmene zinthu zilili osati chochitika, monga *know, love, believe, own*, sagwirizana ndi *get*: ndi *He is known by everyone*, osati *He gets known by everyone*.

Ubwino wa *get* apa ndi wakuti amachotsa chikaiko. *The window was broken* angatanthauze kuti windo linali losweka kale pamene munafika, kapena kuti linaswedwa nthawi imeneyo. *The window got broken* ali ndi tanthauzo limodzi, la chochitikacho. Chimodzimodzi *They were married in 2010* angakhale akunena kuti chaka chimenecho anali ali pabanja, pamene *They got married in 2010* akunena za chaka cha ukwati.

Pofunsa ndi pokana, awiriwa sayenda mofanana. *Be* amadzitembenukira yekha: *Were you paid?* *Get* amafuna thandizo la *do*: *Did you get paid?* ndi *I didn't get paid*. Pambuyo pa *did*, *got* amabwerera ku *get*. *Did you got paid?* ndi cholakwika chimene chimaoneka kwambiri m'mauthenga a pa WhatsApp kumapeto kwa mwezi.

Kukonzetsa, kusoketsa, kugayitsa

Olankhula Chichewa ali ndi mwayi pa gawo ili, chifukwa ganizo lake tili nalo kale m'chilankhulo chathu. Tonse timadziwa kusiyana kwa kukonza ndi kukonzetsa, kusoka ndi kusoketsa, kumeta ndi kumetetsa. Ka -ets- kapena -its- kamasonyeza kuti ntchitoyo wagwira ndi wina, inu mwangoipereka. Chingerezi chilibe kachidutswa koteroko, ndiye chimamanga ndi mawu atatu otsatana motere: *get*, kenako chinthucho, kenako past participle.

"Ndakonzetsa foni" ndi *I got my phone repaired*. "Ndikukagayitsa chimanga" ndi *I'm going to get the maize milled*. "Anasoketsa diresi kwa telala" ndi *She got a dress made*. "Kayezetseni magazi" ndi *Go and get your blood tested*. "Ndametetsa" ndi *I got my hair cut*. Mukati *I repaired my phone* kapena *I cut my hair*, mwanena kuti munatsegula foniyo nokha, kapena munadzimeta nokha pagalasi. *Have* amathanso kulowa m'malo mwa *get*, monga *I had my phone repaired*, ndipo amamveka waulemu pang'ono polemba.

Zolakwika zake ndi ziwiri. Choyamba ndi kusintha dongosolo: *I got repaired my phone*. Chinthucho chiyenera kukhala pakati. Chachiwiri ndi kutaya *-ed*: *I got my phone repair*. Ichi chili ndi chifukwa chake. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndiye khutu lathu silinazolowere kugwira d kapena t wa kumapeto, makamaka mawu otsatira akayamba ndi lembo lopanda liwu. Mu *I got my car washed today*, *-ed* wa *washed*, amene amatchulidwa ngati t, amamira mu t wa *today*. Chimene khutu silinamve, dzanja sililemba. Mukamaliza kulemba, bwererani pa chiganizo chilichonse cha mtundu umenewu n'kuona ngati mneni womalizayo ali m'maonekedwe achitatu.

Kamangidwe komweka kali ndi matanthauzo ena awiri amene amasokoneza. *He got his phone stolen in town* sakutanthauza kuti anatuma akuba, ndi "anamubera foni m'tauni". Ndipo *I must get this work done today* sakunena za kupatsa wina ntchito, ndi "ndiyenera kuimaliza lero", kaya ndi manja anga kaya a wina. Nkhani yake ndi imene imakuuzani.

Mukafuna kutchula munthu wogwira ntchitoyo, kamangidwe kamasintha: *get*, munthu, *to*, mneni. *I got the mechanic to check the brakes*. Ka *to* aka ndi kofunika, ndipo ndi *get* yekha pakati pa anzake amene amakafuna. *Make, let* ndi *have* amayenda opanda *to*: *I made him pay, I let him pay, I had him pay*, koma *I got him to pay*. Onse anayi akhoza kumasulira -its- wathu, koma mtima wake ndi wosiyana. *Make* ndi kukakamiza. *Let* ndi kulola. *Have* ndi kutuma munthu amene ntchitoyo ndi yake kale. *Get* ndi kunyengerera, kuchonderera kapena kuyesetsa mpaka zitatheka. Mayi amene akuti *I finally got the child to eat* akutiuza kuti panali nkhondo pa mphasa mwanayo asanameze mbamu yoyamba. Atanena *I made the child eat*, tikumva kuti panali kukalipa.

M'malo mwa mneni muthanso kuika mfotokozi kapena *-ing*: *Get the children ready*, akonzekeretseni ana, *Don't get your shoes wet*, usanyowetse nsapato, *We got the engine running*, tinailiza injini.

Have got, have got to, ndi get to

*I have got* amaoneka ngati nthawi yathayi, koma amangotanthauza "ndili ndi", chimodzimodzi *I have*. *I've got two sisters* ndi *I have two sisters* ndi chinthu chimodzi, kungoti woyambayo ndi wa pakamwa ndipo amamveka kwambiri ku Britain. Pofunsa sankhani njira imodzi: *Have you got change?* kapena *Do you have change?* *Do you have got* kulibe. Poyankha mwachidule *got* amachotsedwa: *Yes, I have*, osati *Yes, I've got*. Mu nthawi yakale amasowanso: "ndinali ndi njinga" ndi *I had a bicycle*. Ndipo sagwira ntchito pamene *have* akutanthauza kuchita chinthu, monga kudya kapena kusamba: *I have breakfast at six*, osati *I've got breakfast at six*, ngati mukunena za chizolowezi chanu. Anthu a ku America, amene ali ndi *gotten*, amasiyanitsa bwino: *I've got a car* ndi "ndili ndi galimoto", *I've gotten a car* ndi "ndapeza galimoto".

Mukaonjezera *to* ndi mneni, tanthauzo limakhala "ndiyenera": *I've got to go*. Uyu ndiye *gotta* wa m'nyimbo, amene sayenera kuoneka m'kalata ya ntchito. Koma *get to* ndi mneni, popanda *have*, ndi kupeza mwayi: *I got to see the lake for the first time*, ndinakhala ndi mwayi woona nyanja koyamba. *Get to know* ndi kudziwana pang'onopang'ono.

Timawu ting'onoting'ono tomutsatira

Ma phrasal verb a *get*, kutanthauza *get* wophatikizidwa ndi kamawu ngati *up* kapena *out*, ndi ochuluka, ndipo ambiri amangotsata ganizo la kuyenda lija: *get up, get out, get back, get away*. Ofunika kuwaloweza ndi amene tanthauzo lawo simungalilote. *Get over* ndi kuchira ku matenda kapena kuiwala chokhumudwitsa. *Get on with* munthu ndi kugwirizana naye, koma *get on with your work* ndi "pitiriza ntchito yako". *Get by* ndi kukwanitsa movutikira ndi zochepa zimene muli nazo. *Get away with* ndi kulakwa osalangidwa. *Get rid of* ndi kuchotsa kapena kutaya chosafunika. *Get through* pa foni ndi kumupeza amene mukumuimbira. *I'll get back to you* ndi "ndikuyankhani", lonjezo limene aliyense wofunsira ntchito amalidziwa kulemera kwake. Mlowam'malo amalowa pakati pa ena mwa iwo, monga *get it back*, koma pa a mawu atatu amakhala kumapeto: *get rid of it, get away with it*.

Polemba kalata ya ntchito kapena chimangirizo

Aphunzitsi ambiri amalangiza kuti *get* azipewedwa polemba, ndipo malangizowa ndi oona theka. M'kalata yofunsira ntchito, *I obtained my diploma*, *I received your letter* ndi *I became head of department* zimamveka bwino kuposa *got* katatu. Koma kumuchotsa paliponse kumabala Chingerezi choseketsa. Palibe amene amati *I obtained malaria*, ndipo *I arose and alighted from the bus* ndi chilankhulo cha m'mabuku akale. *Get up, get dressed, get married, get on, get used to, get rid of* alibe olowa m'malo abwino, asiyeni momwemo ngakhale pa mayeso.

Kuti muone ngati mwagwira, tengani ziganizo zisanu izi zimene zili ndi mawu pafupifupi ofanana. *I got him a driver*: patsogolo pali mlowam'malo ndi dzina, ndiye ndinamupezera dalaivala. *I got him to drive*: munthu, *to*, mneni, ndiye ndinamunyengerera mpaka anayendetsa. *I got him driven home*: past participle, ndiye ndinakonza zoti wina akamutule kunyumba. *I got to drive him*: ndinapeza mwayi womuyendetsa. *I've got to drive him*: ndiyenera kumuyendetsa, kaya ndikufuna kaya ayi. Ziwiri zomalizazi zimangosiyana pa ka *'ve*, ndipo anthu olankhula mothamanga, makamaka a ku America, amakameza. Mukamva *I got to go* munthu akuyang'ana wotchi n'kumanyamula chikwama, akutsanzika. Mukamva mawu omwewo akufotokoza za ulendo wa chaka chatha akumwetulira, akukuuzani kuti anamulola kupita.